Nkhama zikabwerera m'mbuyo: zomwe tinakambirana pa mkumano wathu wa atsikana

Lero tasiya kaye nkhani za ndale ndi za malipiro, tikufuna tilowe m'kamwa. Musaseke. Alipo pano amene akamwa madzi a mufiriji amagwira tsaya, komanso amene pa chithunzi amamwetulira atatseka milomo chifukwa dzino limodzi layamba kuoneka lalitali kuposa anzake. Dzinolo silinatalike ayi. Nkhama, zomwe ena timati usinini, ndi zimene zabwerera m'mbuyo n'kusiya muzu poyera.

Mbali ya dzino imene timaiona ili ndi chovala cholimba chotchedwa enamelo. Muzu ulibe chovalachi. Mkati mwake muli timipata tating'onoting'ono topita ku mtsempha, n'chifukwa chake chozizira, chotentha kapena chotsekemera chikaukhudza mumamva kulasa. Muzu wapoyera umabookanso msanga. Ndiye chowawa kwambiri n'chakuti nkhama ikangotsika, siimeranso yokha. Palibe mankhwala opaka amene angaibweze, kaya akugulitsa ndani pa WhatsApp.

Chimayambitsa n'chiyani? Choyamba ndi matenda a nkhama, aja timangoti chiseyeye. Litsiro lomata lokhala ndi mabakiteriya limaunjikana m'mphepete mwa mano, likakhalitsa limauma gwa, moti mswachi sungalichotse. Nkhama zimatupa, kutuluka magazi, ndipo vutoli likakula fupa logwira dzino limayamba kudyeka. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda aakulu a nkhama. Fodya ndi matenda a shuga zimawonjezera moto.

Koma chachiwiri ndi chimene chimatikwiyitsa. Ambirife tikudzivulaza pofuna kuoneka aukhondo. Timagula mswachi wolimba, n'kumakwecha mano ngati tikukwecha poto wa nsima. Pa TikTok atiuza za makala, mandimu ndi soda kuti mano ayere mbuu. Makala amapala, ndimu ndi asidi. Ndani anatiuza kuti mtsikana wokongola ndi wa mano oyera ngati pepala? Mano athanzi amakhala ndi kachikasu pang'ono, ndi mmene analengedwera. Onjezanipo ndolo za pa lilime kapena pa mlomo zimene zimakhula nkhama tsiku ndi tsiku, komanso mawaya a m'mano oikidwa ndi munthu amene si dotolo. Ena nkhama zawo ndi zopyapyala chibadwire, amenewo si vuto lawo.

Za mimba tiimepo pang'ono. Mayi akakhala woyembekezera, mahomoni amachititsa nkhama kutupa ndi kutuluka magazi mosavuta. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka, pomwe apo m'pofunika kutsuka bwinobwino, mofatsa. Mukasanza, tsukuluzani m'kamwa ndi madzi, dikirani kaye mphindi ngati 30 musanagwire mswachi, chifukwa asidi wa m'mimba amakhala atafewetsa enamelo. Ndipo zoti mwana amayamwa kashiamu m'mano a mayi ake si zoona. Mayi sayenera kulipira dzino pa mwana aliyense. Kuonetsa mano kwa dotolo uli ndi pakati n'kololedwa, bola kumuuza kuti ndinu oyembekezera.

Nanga zikatsika kale? Chithandizo chimayamba ndi kupala litsiro louma lija, pamwamba ndi kunsi kwa nkhama. Kwa ambiri, zimenezi pamodzi ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira a mano omva kuwawa zimakwanira kuimitsa vuto pomwe lafika. Zikafika patali, pali opaleshoni yomwe madotolo amaitcha gum graft. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako amatenga kamnofu kakang'ono kumwamba kwa m'kamwa mwanu n'kukasokerera pamene muzu waonekera. Nthawi zina amangokoka nkhama ya pafupi n'kuphimbira, kapena kugwiritsa ntchito mnofu wokonzedwa kale. Mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndi phala, mazira, yogati, nthochi. Chimanga chokazinga ndi nzimbe ziiwaleni kaye, ndipo pamalo osokawo simutsukapo mpaka dotolo atanena. Tinene chilungamo: ngati fupa la pakati pa mano linadyeka kwambiri, opaleshoniyi siingaphimbe muzu wonse. Ndipo ngati mupitiriza kukwecha kapena kusuta, nkhamazo zitha kutsikanso.

Tsono funso la ife omenyera ufulu: ndi atsikana angati a ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi amene angafike pa mpando wa katswiri wa nkhama? Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madotolo a mano a digiri mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano ili pansi pa KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ndi dzulodzuloli. Ambirife timapita kuchipatala dzino litafika kale pozula, chifukwa ndalama ya m'nyumba imayamba yapita ku fizi, lendi ndi ndiwo, mayi n'kumatsalira ndi panado.

Ndiye tikupempha zinthu ziwiri. Kwa akuluakulu a zaumoyo: mayi akapita kusikelo, wina amuyang'aneko m'kamwa, monga mmene amamuyezera BP. Kwa ife tomwe: mukakhala pa mpando uja, funsani. Kodi dzinoli silingapulumuke? Nkhama zanga zatsika bwanji? Mungandilembere kalata yopita kuchipatala chachikulu? Kufunsa si mwano, thupi ndi lanu.

Pa 20 March dziko lonse limakumbukira umoyo wa m'kamwa. Tisanafike tsikulo, aliyense akayang'ane mswachi wake kunyumba. Ngati ndi wolimba, kapena tsitsi lake linayala kale ngati tsache lakutha, usiyireni ntchito yotsuka nsapato.