Zimene Ndinaona pa Sukulu ya Mdzukulu Wanga ku Mangalande

Mau a Mlembi pa tsiku la chikondwerero cha Mvano



Monga mudziŵa, m'chaka cha 2023 ndinasiya buku la ulembi m'manja mwa wachiŵiri wanga ndi kupita ku Leicester, ku Mangalande, kukathandiza mwana wanga amene anali atangochira kumene. Ndinakhalako kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Ntchito yanga ya m'maŵa inali kuperekeza mdzukulu wanga wa zaka 8 ku sukulu ya pulaimale. Ambiri a ife tili ndi adzukulu kunja, ndipo mtima umafunsa: kodi ana aŵa akuleredwa ndi yani?

Pa khoma la poloŵera panali mau a zilembo zazikulu. Mwanayo anandimasulira kuti ndiwo makhalidwe a dziko la Britain, ndipo alipo 4: demokalase, kumvera malamulo, ufulu wa munthu aliyense, ndi kulemekezana ndi kulolerana ndi anthu a zipembedzo zina. Boma linalamula sukulu za ku England kuphunzitsa zimenezi m'chaka cha 2014, atamveka madandaulo a kayendetsedwe ka sukulu zina za ku Birmingham. Oyendera sukulu a bungwe la Ofsted akafika amaonanso ngati ana akuzitsata.

Amai anzanga, chimene chinandigwira mtima nchakuti saloŵeza pamtima monga tinkachitira ife ndi matebulo. Amachita.

Demokalase: kalasi iliyonse imasankha ana okaimirira anzao ku kabungwe ka sukulu. Wofuna udindo amaima kutsogolo nanena chimene adzachite, anzake naponya timapepala m'bokosi. Mdzukulu wanga anaima nagonja. Analira madzulo, koma m'maŵa mwake anakamgwira chanza wopambanayo. Ine voti yanga yoyamba ndinaponya pa referendamu ya 1993, ndili kale ndi ana atatu.

Malamulo: sukulu ikatsegulidwa, ana ndi aphunzitsi amapangana malamulo a m'kalasi, aliyense nalemba dzina lake pansi. Chikoti kulibe, chinaletsedwa m'sukulu za boma kuyambira 1987. Wolakwa amamkhazika pansi kuti afotokoze yekha amene wamlakwira ndi momwe akonzere.

Ufulu: mwana amaloledwa kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndipo polankhula amayang'ana mkulu m'maso. Poyamba ndinayesa chipongwe. Pambuyo pake ndinazindikira kuti mwana woteroyo sabisa akamchitira choipa.

Pa 11 Novembala amakumbukira ofera ku nkhondo, pakuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha tsiku limeneli mu 1918. Sabata imeneyo ana anavala kaduŵa kofiira pachifuwa, nakhala chete mphindi 2. Ndinamuuza mwanayo kuti nawonso makolo athu anamenya nkhondoyo m'gulu la KAR, ndipo chipilala chao chili ku Zomba. Anakasimba m'kalasi mwake monyadira.

Koma khalidwe lachinai linandisoŵetsa tulo. Kunabwera kalata yopempha chilolezo kuti ana akaone mzikiti ndi kachisi wa Ahindu. Ndinati kwa mai wake, "Mwanawe, ukufuna kumtaya mwanayu?" Iye anati, "Amai, sakukapembedza ai. Akukaona kumene anzake a m'kalasi amapemphera." Anapita, anavula nsapato pakhomo monga anzake, nabwerako ali yemwe uja.

Sabata yotsatira aphunzitsi anapempha mwana aliyense kuti afotokoze za chipembedzo cha kwao. Mtsikana wa Chisilamu anafotokoza za Ramadan, wa Chihindu za Diwali. Wathuyo anabwera kwa ine nati, "Agogo, nanga ife timatani?" Amai anzanga, manyazi anandigwira. Pemphero la Ambuye m'Chicheŵa sankalidziŵa. Chifukwa chimene ine ndimavalira yunifolomu ya Mvano sankachidziŵa. Ine ndinali kuopa mzikiti, chonsecho m'nyumba mwathu momwe ndimo munali mbuu.

Kuyambira tsiku limenelo tinkakhala pansi madzulo alionse. Pofika Disembala anali kunena pemphero lonse yekha, ndipo polandira kanthu kwa mkulu ankalandira ndi manja aŵiri.

Phunziro langa nali. Sukulu ija inasankha zinthu 4, ndipo imazigwirira ntchito tsiku ndi tsiku osatopa. Imaphunzitsa mwana kulemekeza chikhulupiriro cha mnzake, koma kumpatsa chikhulupiriro chakechake ndi udindo wa ife makolo. Kuongola mtengo mpoyamba. Mukakaŵerenge Miyambo 22:6 ndi 2 Timoteo 1:5, pamene agogo atchulidwa poyamba.

Tsono ndikupemphani, inu amene adzukulu anu ali kunja: poimba foni pa WhatsApp musathere nthaŵi yonse pa za ndalama ya feteleza. Itanitsani mwanayo, mumlonjere m'chinenero chathu, mumphunzitse vesi limodzi. Inu amene muli nawo pakhomo, yambani madzulo ano.

Ambuye adalitse Mvano wathu ndi mabanja athu onse.