Mwana akwere mota yekha? Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa kalabu

Sabata yatha tinamva pa wailesi mayi wina akudandaula kuti mwana wake wamkazi amachokera kusukulu atakwera mota ya munthu amene iwo sakumudziwa. Tinakangana pano mpaka dzuwa kulowa osamvana. Lero mwandipatsa mpata kuti ndinenepo, poti nanenso ndili ndi mtsikana wa zaka 14.

Nkhaniyi si ya kuno kokha ayi. M'mizinda ikuluikulu anthu amaitana galimoto pa foni. Ku Maputo kuli Yango, ku Johannesburg kuli Uber ndi Bolt. Mu 2023 kampani ya Uber inayamba kulola ana a zaka 13 mpaka 17 ku America ndi ku Canada kukwera okha. Koma mumvetse m'mene anachitira. Amene amatsegula njirayo ndi kholo. Kholo limaona pa foni yake pamene galimoto yafika, ndipo mwana amayamba wauza dalaivala nambala yachinsinsi ulendo usanayambe. Mwana akwera yekha, inde, koma mwini ulendo ndi kholo.

Ife kuno ku Angónia tilibe zimenezo. Tili ndi anyamata a mota amene amaima pa msika ku Ulóngwe, ku Dómue ndi m'mphambano zathu. Mwana akangobipa, mota yafika. Ndiye funso langa ndi ili: nambala ya mnyamatayo ili mu foni ya ndani, ndipo akulipira ndani?

Ena munati tingowaletsa basi. Ine ndikukana. Kuyambira 2023 kalasi 7 inapita ku sekondale, ndiye ana a zaka 12 ndi 13 ena akuyenda mtunda umene ife sitinauyende pa msinkhu umenewo. Sukulu imatsegulira mvula ili pakati, chimanga chitatalika. Kodi mtsikana woyenda yekha pansi m'kanjira ka m'minda mu February ndiye ali pabwino? Nanga ine ndili kudimba kukumba mbatata, mng'ono wake watentha thupi, adzamunyamula kumsana mpaka kuchipatala? Mota imatithandiza, tisanamizane.

Koma mverani zimene zinandichitikira chaka chatha. Lolemba lililonse ndinkamupatsa mwana wanga ndalama ya mota. Tsiku lina ndikufuna cholembera m'chikwama chake, ndinapeza mametikali aja ali m'kope, osachoka ngakhale imodzi. Nditafunsa anati, “Ababa, a mota aja amati ndisamalipire, akuti ndine mlongo wawo.” Aaa, abale anga, thupi lonse linazizira. Masabata atatu akukwera ulere, ine osadziwa kanthu.

Mnyamatayo sindikumunenera choipa, mwina anali ndi mtima wabwino ndithu. Koma ngongole imene kholo silikuidziwa, mwana adzaibweza ndi chiyani? M'mawa mwake ndinapita pamene amaima, ndinamulipira ndalama yonse pamaso pa anzake, ndi kumuthokoza. Amayi a kunyumba mpaka lero amati ndinamuchititsa manyazi. Kaya, mwina akunena zoona.

Chiyambire tsiku limenelo ndimaitana mota ndine. Ndili ndi anyamata awiri okha amene ndikudziwa mudzi wawo ndi makolo awo. Ndalama sidutsanso m'manja mwa mwana, ndimatumiza ndekha pa M-Pesa kapena e-Mola. Akafika amandibipa. Kukada sakwera, ndipo ndinawauza anyamatawo kuti zopanikiza ana atatu pa mota imodzi ine ayi. Za kapasete ndivomere pano kuti sindinagulebe, chonsecho lamulo la pamsewu limafuna kuti wokwera avale. Ndikagulitsa mbatata ndigula, mundifunse pa msonkhano wa mwezi wa mawa.

Tisaiwalenso ana aamuna. Iwo vuto lawo ndi lina: akatalikira pamudzi amapempha chiwongolero, “achimwene ndiyendetseko pang'ono.” Amene akuyendetsa mwina nayenso ndi mwana, chiphaso alibe.

Pajatu kuyambira 2019 lamulo la dziko lino likuletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Zikavuta sitingathamangirenso kwa ankhoswe kuti tibise nkhani monga ankachitira kale. Ndipo ana athu adziwe nambala 116, ya Linha Fala Criança, imene angaimbe ulere ngati wina akuwavutitsa ndipo akuopa kutiuza ife.

Pempho langa kwa a pampando ndi ili. Tilembe kalata ku wailesi kuti tsiku lina aitane anyamata a mota pa pologalamu, nawonso anene mavuto awo, chifukwa ena a ife makolo timawakwera pa ngongole osalipira. Ndipo amfumu, ngati n'kotheka, mayina ndi manambala a mota zimene zimanyamula ana a m'mudzi muno alembedwe m'buku lanu. Anga awiri aja ndabwera nawo pa pepala ili.