Kuyesa Msampha Nyama Isanadze

Madzulo ano tikambe za anthu olonda miliri, ndi njira yoyesera ngati ali maso.

M'mwezi wa September, caka ca 2008, mai wina wodwala kwambiri anamtenga pa ndege kucokera ku Lusaka kunka naye ku cipatala ca ku Johannesburg, ndipo anamwalira nthenda yace isanadziwike. Pambuyo pace anadwala womperekeza m'ndegemo, anamwino awiri, ndi wosesa m'cipatala. Mwa anthu 5 amenewa anacira mmodzi yekha. Akatswiri a National Institute for Communicable Diseases, pothandizana ndi anzao a ku America, anapeza kuti kanali kacirombo kacilendo, nakacha Lujo, kutenga maina a Lusaka ndi Johannesburg.

Mliri wotere ufunika kuuzindikira usanafale. Nanga tidziwa bwanji ngati olondawo ali maso? Mlenje wanzeru akachera msampha, amayamba waugunda ndi kamtengo kuti aone ngati ufwamphuka. Akatswiri a za umoyo amacita cimodzimodzi. Amatenga ciwerengero ca odwala ofika m'zipatala tsiku ndi tsiku, naonjezapo m'kompyuta odwala ongopeka, monga ngati nthenda yagwa m'dera limodzi. Atatero amawerenga masiku amene apita makinawo asanacenjeze.

Msampha umalakwa pawiri. Ukauma, nyama imapitirira: mliri umakula anthu osadziwa. Ukafewetsa, umafwamphuka ndi tsamba lomwe: anchito amathamangira cabe, natopa, naleka kusamala cenjezo. Mliri wopeka umaonetsa pamene payenera kukonzedwa popanda munthu kufa.

Anthunso amayesedwa. Wina amadzionetsa ngati wodwala, ndipo akulu amapenya ngati namwino amfunsa kumene wacokera, ngati ampatula, ndi ngati mau afika kwa oyenera. M'caka ca 2021 anaika muyeso wa 7-1-7: kuzindikira mliri m'masiku 7, kuunena m'tsiku limodzi, ndi kucitapo zoyamba m'masiku 7.

Abale athu ambiri amagwira nchito ku Joni, ndipo mabasi amayenda usana ndi usiku. Nthenda imene yacedwa kudziwika kumeneko ingathe kufika kwathu sabata lomwelo. Motero mukaona anthu angapo adwala mofanana m'mudzi mwanu, kauzeni a cipatala msanga, pakuti mlonda woyamba ndinu.

Tsalani bwino.