Denga la kuno ndi denga la kumudzi

Ndikuthokoza kuti mwapatula tsiku lanu lopuma, lomwe kwa ambiri a inu ndi limodzi lokha pa sabata, n'kubwera kudzamva nkhani ya nyumba.

Aliyense wa ife amene adawoloka Limpopo kudzagwira ntchito kuno ku South Africa amalipirira madenga awiri. Loyamba ndi la chipinda chimene tikagonemo usiku uno, kaya ndi kuseri kwa nyumba ya abwana, m'komboni ya pafamu kapena m'chisakasa cha malata ku Diepsloot. Lachiwiri ndi la nyumba imene tikumanga, kapena tikulakalaka kumanga, ku Mangochi, ku Mzimba, ku Dedza kapena kwina kulikonse kumene tidasiya mchombo. Malipiro ndi amodzi okha, ndipo Randi iliyonse imene yatayika pa denga loyamba imachedwetsa lachiwiri. Choncho ndiyamba ndi la kuno.

Pa 1 Marichi 2025, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo adafika pa R28.79 pa ola, ndipo mtengo umenewu udali umodzi kwa wantchito wa m'nyumba, wa m'munda ndi wa pafamu. Pa mtengo wa chaka chimenecho, munthu wogwira maola 45 pa sabata ankayenera kulandira ndalama zoposa pang'ono R5,600 pa mwezi. Ngati mumagona pa abwana, lamulo limawalola kudula ndalama ya chipinda, koma isapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro anu. Pa malipiro amene ndatchulawa, ndiye kuti pafupifupi R560, osati R1,500 imene ena mwa inu mumadulidwa. Komanso chipindacho chiyenera kukhala chosadontha, cha zenera ndi chitseko chokhomeka, ndipo mukhale ndi chimbudzi ndi posamba. Kwa a m'mafamu malire ndi omwewo, gawo limodzi mwa khumi pa nyumba ndi gawo linanso lotero pa chakudya ngati abwana amaperekadi chakudyacho. Nyumba ya pafamu yoyenera kudulira ndalama imafunika denga lolimba losadontha, mazenera a galasi otseguka, chimbudzi, madzi abwino osatalikira mamita 100, ndiponso kukula kwake kusachepere masikweya mita 30. Khola la nkhuku lopakidwa laimu silikwanira pa muyeso umenewu.

Kugona pa abwana kumapulumutsa ndalama ya lendi ndi ya thiransipoti, n'zoona, koma kuli ndi msampha wake: ntchito ikatha, denga nalonso latha tsiku lomwelo. Dziwani kuti wantchito wa m'nyumba kapena wa pafamu amene wagwira miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayenera kupatsidwa notisi ya masabata anayi, ndipo abwana akamuchotsa nthawiyo isanakwane ayenera kumusiyabe m'chipindamo kwa mwezi. A m'mafamu alinso ndi lamulo la 1997 lotchedwa ESTA, limene limateteza anthu okhala pa malo a mwini famu ndi chilolezo chake. Ena amanena kuti zonsezi n'za eni dziko okha, kapena za amene mapepala awo ali bwino. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha ndi wantchitobe pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA. Sindikukubisirani kuti mantha a kugwidwa ndi enieni. Koma abwana ambiri amadalira mantha amenewo kuposa momwe amadalirira lamulo.

Tsopano inu amene mumachita lendi. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limakhudza chipinda cha kuseri monga momwe limakhudzira fulati ya ku Sandton. Mwininyumba ayenera kukupatsani lisiti pa ndalama iliyonse imene mwapereka, ndipo mukapempha kuti mgwirizano wanu ulembedwe, sayenera kukana. Dipoziti si yake. Ndi ndalama yanu imene iye akungosunga, ndipo lamulo limati aiike ku banki komwe ingapange chiwongoladzanja, chimene chilinso chanu. Musanalowe, inu ndi iye muyendere chipindacho limodzi n'kulemba zonse zowonongeka kale. Jambulani ndi foni khoma long'ambika, loko wothyoka, mpopi wodontha. Potuluka muyenderenso limodzi. Ngati palibe chimene mwawononga ndipo mulibe ngongole, dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. Ngati pali chokonza, achotse mtengo wake, akuonetseni malisiti, ndipo yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14 chikonzereni.

Ndi angati muno amene adalandirako dipoziti yawo yonse? Ndikuona manja ochepa, ndipo sindikudabwa. Ambiri timangoti kwa eni kulibe mkuwe, n'kunyamula katundu mwakachetechete. Komatu munthu amene wasamuka kanayi n'kusiya R1,500 paliponse wataya R6,000, malipiro a mwezi wathunthu. M'chigawo chilichonse cha dziko lino muli bwalo la Rental Housing Tribunal, limene limamva madandaulo a alendi ndi eni nyumba kwaulere, popanda loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Chimene bwalolo lidzakufunsani ndi umboni. N'chifukwa chake ndikuti lipirani kudzera ku banki kapena pa foni ngati n'kotheka, ndipo ngati mukupereka pamanja, khalani ndi kabuku komwe mwininyumba azisainamo mwezi ndi mwezi. Mauthenga a pa WhatsApp nawonso musafufute.

Mukalephera kulipira lendi, ngongoleyo ilipo ndithu ndipo muyenera kuibweza. Koma mwininyumba alibe mphamvu yosintha loko, yodula magetsi ndi madzi, kapena yolanda firiji ndi bedi lanu mwa iye yekha. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dziko lino imanena kuti palibe munthu amene angatulutsidwe m'nyumba mwake popanda chigamulo cha khoti, ndipo mawu ake ndi akuti munthu, osati nzika. Ngakhale zili choncho, uphungu wanga ndi wakuti mukaona kuti mwezi uno zivuta, pitani kwa mwininyumba tsiku lisanafike, mupereke zimene muli nazo n'kulemberana za zotsalazo. Njira imeneyo ndi yotsika mtengo kusiyana ndi kupita kwa mashonisa, amene kwathu timati akatapila, woti akakukongozani R1,000 amafuna R1,300 kapena R1,500 pakutha pa mwezi ndipo amagwira pasipoti kapena khadi lanu la ku banki ngati chikole. Kugwira zinthu zimenezo n'koletsedwa ndi lamulo la ngongole, ndipo wopereka pasipoti yake wapereka njira yake yobwererera kwawo.

Pali lendi ina yotchipa imene mtengo wake weniweni ndi moyo. Pa 31 Ogasiti 2023 moto udabuka m'nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown, m'kati mwa Johannesburg, ndipo anthu 76 adafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Ankalipira lendi mwezi uliwonse kwa anthu amene nyumbayo sidali yawo, m'tizipinda togawidwa ndi matabwa, njira zothawira zili zotchinga. Musanapereke dipoziti paliponse, funsani kuti mwini wake ndani, ndipo yang'anani kuti moto utabuka usiku mungatulukire pati ndi ana anu.

Za kugula nyumba kuno ndinena mwachidule. Mlendo amaloledwa kugula, koma pa malipiro athu mabanki sakongoza, ndiye chimene chimatifika pafupi ndi nyumba za boma zija za RDP, zimene wina amakunong'onezani kuti akugulitsa motchipa. Nyumba zimenezo siziloledwa kugulitsidwa zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira, ndipo kalata yosainirana kupolisi si chikalata cha umwini. Umwini umasintha pokhapokha dzina lanu litalembedwa ku Deeds Office kudzera kwa loya wa ntchito imeneyo. Popanda zimenezo, wogulitsayo akamwalira ana ake adzabwera ndi chikalata chenicheni, ndipo inu mudzatsala ndi pepala la kupolisi.

Tiyeni tsopano tipite kumudzi, komwe kuli mtima wa ambiri a ife. Agogo athu a nthawi ya Wenela ankabwerera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama imene inkasungidwa kuti akailandire atafika kwawo. Ife palibe wotisungira. Timatumiza kudzera ku Mukuru, ku Mama Money, ku Hello Paisa kapena kwa madalaivala a mabasi, ndipo ikangofika imakumana ndi sukulu fizi, feteleza, matenda ndi maliro. Zonsezi ndi zofunika, ndipo mbale amene wagwiritsa ntchito ndalama ya njerwa kugonekera mayi anu m'chipatala si wakuba. Vuto ndi loti tidatumiza ndalama imodzi tili ndi zolinga ziwiri, osanena momveka. Patulani: iyi ndi ya pakhomo, iyi ndi ya nyumba, ndipo ziziyenda padera, kwa anthu osiyana ngati kungatheke.

Ndalama ya nyumba isagone nthawi yaitali ili Kwacha. Mu Meyi 2022 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene ankasunga ndalama ya malata ku akaunti ya ku Malawi adadzuka m'mawa ikugula malata ochepa kwambiri kusiyana ndi dzulo lake. Ndi bwino kuisunga kuno mpaka ikwane gawo limodzi la ntchito, kenako n'kuitumiza kuti isanduke katundu sabata yomweyo. Koma si katundu aliyense wosungika. Malata, mafelemu a zitseko ndi mazenera, misomali ndi zitsulo zimadikira zaka. Simenti sidikira, ikakhala miyezi itatu imayamba kufooka, ndipo ikamva chinyontho imauma n'kukhala mwala. Simenti igulidwe mmisiri ali kale pamalo. Mmisiriyo mupangane naye mtengo wa gawo lililonse, maziko, khoma kufika pa lintala, kufolera, ndipo alandire gawolo likatha, mutaona zithunzi kapena kanema wojambulidwa tsiku lomwelo pali munthu amene mukumudziwa. Zachitikapo kuti munthu amatumiziridwa zithunzi za nyumba ya eni ake kwa zaka ziwiri.

Ndipo mangani yoti muimalize. Nyumba ya zipinda ziwiri yofoleredwa ndi nyumba, mutha kugonamo kapena kuikamo walendi. Ya zipinda zisanu ndi chimodzi imene yaima pa mazenera mvula zitatu ndi mulu wa njerwa umene ukusungunuka. Tonse tikuwadziwa mabwinja otere m'mbali mwa msewu wa M1.

Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti malowo ndi a yani. Ngati mukugula poloti m'tauni, kwa khonsolo, ku unduna wa za malo kapena ku Malawi Housing Corporation, mapepala atuluke m'dzina lanu, osati la mlamu wanu chifukwa choti ndiye ali pafupi. Mukagula kwa munthu, wina akaone kaye ku ofesi ya za malo ngati dzina la wogulitsayo ndi limene lili m'kaundula, pakuti poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo wotsala pamtunda amakhala amene ali kutali. Pa malo a kumudzi, amfumu ndi mboni akhalepo, malire ayendedwe, zonse zilembedwe n'kudindidwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yolembetsa malo otere m'dzina la munthu kapena la banja, ndipo ofesi ya DC ndiyo ingakuuzeni pamene ntchitoyi yafika m'boma lanu.

Abambo amene muli pa chikamwini ndi amayi amene muli pa chitengwa, ndikudziwa kuti nkhani iyi ndi yovuta kuiyamba pakhomo popanda kuoneka ngati mukulosera zoipa. Iyambeni ndithu. Mayi amene watsuka mbale ku Cape Town zaka khumi n'kumanga nyumba kumudzi kwa mwamuna wake ayenera kudziwa kuti akakhala pati banja likatha kapena mwamunayo akatsogola. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma lamulo limathandiza msanga pamene pali wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndi malisiti oonetsa amene adatumiza ndalama. Malisiti a Mukuru aja musataye. Ajambuleni n'kuwasunga pa imelo, chifukwa foni imabedwa ndipo pepala limafufutika.

Amene mwabwera ndi mapepala a lendi kapena a malipiro, tikhala pa tebulo la kumbuyoko tikamwa tiyi, kuti tiwerengere limodzi zimene mukudulidwa. Amene mulibe pepala lililonse bweraninso, tikuthandizeni kulemba kalata yopempha lisiti kwa mwininyumba.