Musiyeni mwanayo amalize tsamba

Amayi athu, azakhali, asisi, ndi inu anzathu amene mwachokera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu m'mawa uno, takulandirani kuno kwa Mwase. Fumbi lomwe mwameza mumsewu mutikhululukire, ndi nyengo yake.

Tiyambe ndi funso. Ndani pano anawerengapo buku lomwe silimabwera pa mayeso asanafike Fomu 1? Kwezani manja, musachite manyazi. Mwaonatu. Ifenso tayimirira kutsogolo kunoku, ndi madigiri athuwa, manja athu ali pansi. Tinakula tikudziwa kuti buku ndi la mayeso basi. Ukangolemba Sitandade 8, makope ndi mabuku ankapita kwa amayi a zitumbuwa kukakulungira malonda, mapepala ofewawo agogo aamuna n'kupichirira chingambwe.

Koma boma lathu lomwe lino la Kasungu lili ndi nkhani yomwe dziko lonse limaidziwa. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi pa njala ija ya 2001 ndi 2002. Atakhala pakhomo anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale ya kwawo, komwe mayi wina ankayang'anira mabuku. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi sankachimva bwino, ankatsatira zithunzi. Ali ndi zaka 14 anatola zitsulo zotayidwa, dayinamo ya njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, n'kuyatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Mu 2007 anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 buku la moyo wake linatuluka, mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu yake, ndipo ambiri a inu munaionera.

Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira magetsi. Ife tikuti onani bukulo. Palibe mphunzitsi anamutuma kuliwerenga. Kunalibe mayeso. Analitenga chifukwa chithunzi chinamukoka mtima, ndipo anali ndi nthawi yokhala nalo pansi.

Ndiye tiyerekeze kuti William anali mtsikana. Njala yomweyo, fizi yosowa yomweyo, laibulale yomweyo. Kodi masana akanapezeka kuti? Sitikunena kuti William sankagwira ntchito, ayi, kumunda ankapita. Koma mnyamata akaweruka kumunda, nthawi yotsalayo ndi yake. Mtsikana akaweruka kumunda ndiye ntchito yayamba kumene: ndowa ku mjigo, nkhuni, kuchigayo, mbale, mwana kumsana. Ikafika nyengo ya fodya mukudziwa nokha. Kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, mpaka mabelo atanyamuka ulendo wa ku Chinkhoma. Zala zakuda ndi utomoni, maso olemera ndi tulo. Akapezeka wakhala pa mphasa ndi buku, mawu ake timawadziwa tonse: "Iwe, wangokhala? Ulesi umenewo ukakuthamangitsitsa ku banja." Mchimwene wake akakhala chimodzimodzi timati asiyeni, akuwerenga.

Izi sitikuzitenga m'buku ayi. Loweruka lililonse masana timayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndi katoni imodzi ya mabuku, ana n'kubwera. Poyamba atsikana amakhala ambiri kuposa anyamata. Pomatseka katoni, atsalira ndi anyamata. Atsikana aja ayitanidwa mmodzimmodzi. Pali kamtsikana kena ka Sitandade 5 kamene kamabwera kataberekera mng'ono wake, kamawerenga katayimirira, kakugwedezera mwanayo kuti asalire. Tsiku lina kanayitanidwa kali pakati pa nthano. Kanathyola kaudzu n'kuika pa tsambalo, n'kutiuza kuti, "Asisi, musachotse." Sabata yotsatira sikanabwere, kwawo ankasoka fodya. Kaudzu kaja kanakhala m'bukumo masabata atatu.

Amayi, sitinabwere kudzakuimbani mlandu. Tikudziwa kuti mukamuyitana mwanayo simukudana naye, manja anu ndi awiri okha, ndipo inunso munakula choncho. Funso lathu ndi lakuti, mnyamata wanu uja ali pabwalo la mpira, ndowa imamukana kodi?

Nanunso anzathu a m'tauni musagwedeze mutu ngati nkhaniyi ndi ya kumudzi. M'nyumba zingati ku Area 25, ku Ndirande, ku Chibavi, muli kamtsikana komwe tinakatenga kumudzi ati "kadzatithandize, tidzakaphunzitsa"? Ana athu kapena a asisi athu ali pa sofa ndi mabuku a zithunzi, iko kali pa sinki. Bukulo kamaligwira pokhapokha pokolopa, kulichotsa pansi. Enafe takhalamo m'nyumba zotere, ndipo tinangokhala chete.

Wina afunsa kuti, nanga si amaphunzira kusukulu? Zoona. Kuyambira 1994 pulayimale ndi yaulere, ndipo kuyambira 2016 boma lili ndi National Reading Programme yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga. Koma sukulu imaphunzitsa malembo ndi maphatikizo. Kuti mwana aziwerenga mosadodoma, mpaka kuiwala kuti akuwerenga n'kumangoona nkhaniyo m'mutu, zimafuna kubwereza kambirimbiri, monga munaphunzirira kusenza ndowa osagwirira. Mphunzitsi amene kalasi yake yadzaza mpaka ena kukhala pakhomo sangamupatse zimenezo. Ndipo mwana sabwereza chinthu chimene sichimukomera. Pasukulu ina tinapeza mabuku a nthano atsopano ali m'kabati yokhoma, ati akawatulutsa ana awang'amba. Chiswe ndiye chinali chitayamba kale kuwerenga.

Tikhoza kukuuzani phindu lake. Mtsikana wowerenga bwino amadziwerengera yekha pepala la malonda a fodya n'kuona zomwe adula. Amawerenga kalata ya ngongole asanasayine, malangizo a mankhwala, uthenga wa pa foni wa akuba aja onama kuti atumiza ndalama molakwitsa. Amadziwa kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18, chifukwa waona yekha, osati kungouzidwa. Zonsezi n'zoona. Koma kunena mosabisa, ife tatopa ndi kumapereka zifukwa za phindu nthawi zonse mtsikana akafuna kanthu. Mnyamata sitimufunsa kuti mpira umupindulira chiyani. Ngakhale bukulo lisamupatse ntchito, lisamupatse khobidi, mwanayo aseke Kalulu akupusitsa Fisi kwa ola limodzi popanda womutuma. Ola limenelo likhale lake.

Nanga awerenge chiyani? Yambani ndi Chichewa. Tili ndi kamtima koti buku lenileni ndi la Chingerezi, ndiye timagulira mwana wa zaka 7 nkhani za chipale chofewa chomwe sanachionepo, iye n'kulitaya. A National Library Service anasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani. M'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata muli masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Msangulutso. Musanakulungire usipa, abweretseni kuno. Fufuzani m'masutikesi a makolo anu, mwina mupeza Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe kapena Njala Bwana la Willie Zingani. Inu a mafoni apamwamba, pa African Storybook pali nthano za ana zaulere, za Chichewa zilipo. Bandulo yomwe timathera pa TikTok usiku umodzi ikhoza kukwanira nthano zingapo. Kwa akuluakuluko, auzeni kuti mayi wa Chimalawi, Walije Gondwe, anatulutsa buku lake Love's Dilemma kalekale mu 1985. Ambiri aife tinamva dzinali tili kale ku yunivesite, ndipo zimatipweteka.

Ndipo agogo, nthano zanu zija ndi mabuku. Mukanena kuti "Padangotero," ana n'kuyankha "Tili tonse," mdzukulu mmodzi akhale ndi kope azilemba. Tili ndi makope awiri otere m'katoni mwathu, olembedwa ndi ana, malembo opindikapindika, koma ndi amene amalimbiranidwa kuposa onse.

Chimodzi tikupempheni: mwana akamaliza buku musamufunse mafunso ngati mayeso. "Waphunziramo chiyani?" Funso limeneli lapha mabuku ambiri. Mufunseni kuti wamukonda ndani, wamunyansa ndani. Akalisiya pakati chifukwa silikukoma, musiyeni atenge lina, inunso filimu yosakoma mumaisintha. Ndipo akuoneni inuyo mukuwerenga, kaya ndi nyuzipepala, kaya ndi buku la nyimbo. Ngati simutha kuwerenga, muuzeni akuwerengereni mukusenda mtedza. Kamwana kamanyada koopsa kakamawerengera mayi ake.

Loweruka likubwerali tidzakhala pa mtengo womwe uja 2 koloko masana. Amayi, tikupempha ola limodzi lokha, ndowa ya masanawo asenze mchimwene wake. Anzathu obwerera ku tauni, ulendo wina musabwere ndi sopo ndi shuga zokha, mu chikwamamo mulowe buku limodzi. Ndipo ngati pali amene ali ndi Sikusinja ndi Gwenembe lathunthu, chonde tibwerekeni. Lathu linathothoka masamba omalizira, ndipo kamtsikana ka kaudzu kaja kafika pomwe lathera. Kakutifunsa sabata iliyonse kuti zinatha bwanji, ife takana kukauza.