Selo ikalemedwa ndi ntchito imatani?



Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo muli malo otchedwa endoplasmic reticulum, mwachidule ER. Apa m'pamene mapuloteni ambiri amapindidwa kuti agwire ntchito. Puloteni imayamba ngati chingwe chachitali. Ikapindika molakwika ndiye kuti basi, ili ngati lichero lolukidwa mokhota, silipeta.

Nanga mapuloteni olakwikawa akawunjikana, selo imadziwa bwanji? Pa khoma la ER pali alonda atatu: IRE1, PERK ndi ATF6. Mlonda woyambayo anamupeza Kazutoshi Mori ndi Peter Walter mu 1993, aliyense payekha, pofufuza yisiti. Zinthu zikakhala bwino, puloteni ina yotchedwa BiP imagwira alondawa kuti akhale chete. Zolakwika zikachuluka, BiP imawasiya n'kupita kukathandiza kupinda, ndiye alonda aja amadzuka.

PERK amachepetsa kapangidwe ka mapuloteni atsopano, ngati mwini chigayo wouza anthu kuti ayambe adikira panja. ATF6 ndi IRE1 amatumiza uthenga kuti pabwere othandiza kupinda ambiri, ndipo zowonongeka zichotsedwe. Zikatheka, selo imachira.

Koma apa mumvetsetse, anzanga. Vutoli likakhalitsa, alonda omwewo amadzutsa puloteni yotchedwa CHOP, ndipo selo imadzipha yokha. Thandizo lija ndi la kanthawi chabe.

Mwina mukufunsa kuti zikutikhudza bwanji ife kumudzi kuno. Mowa wambiri, kaya ndi kachasu, umalemetsa ER ya maselo a chiwindi. Maselo a kapamba amene amapanga insulini nawonso amatopa shuga akakhala wokwera m'magazi kwa nthawi yaitali, ndipo ena amafa. Izi zimakulitsa matenda a shuga. Kachirombo ka HIV nako kalibe ER yakeyake. Puloteni ya chikuto chake kamakapinditsa mu ER ya selo yathu. Ma ARV akamwedwa tsiku ndi tsiku amaletsa kachiromboka kuchulukana, choncho maselo ogwiritsidwa ntchito yotereyi amachepa.

Selo imapirira katundu wa tsiku limodzi, koma wa tsiku ndi tsiku umaipha. Tichepetse mowa, tikayezetse magazi, ndipo mnzathu amene ali pa mankhwala timulimbikitse asadumphitse.