Turbo inandidyera ndalama za feteleza

(Mawu amene membala mnzathu, mlimi wa ku Massangulo, analankhula pa msonkhano wa kalabu)

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, za injini sindinakhalepo m'kalasi ayi. Zimene ndinene panozi ndinaziphunzira ndi thumba langa.

Ambiri mukuidziwa galimoto yanga yoyera ija, Toyota Starlet ya 1997. Ndinaigula mu 2022 ndi ndalama za fodya kuti ndizinyamulira nyemba kupita nazo ku Lichinga, osamangodalira chapa. Msewu wa N13 ndi waphula tsopano, koma makilomita pafupifupi 90 amenewa ali ndi zitunda. Ndikaika matumba 6, galimoto inkachita kulira ngati mbuzi yomangidwa. Ena mwa inu munandipitirirapo pa njinga yamoto, musakane.

Pali chifukwa chake. Cuamba ili pansi, pafupifupi mamita 600 kuchokera pa nyanja yamchere. Lichinga ili pamwamba, kupitirira mamita 1,300. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndiye injini imakoka wochepa, mphamvu nkutsika. Apa ndi pamene alamu anga anabwera ndi foni yawo, kundionetsa anyamata a pa Facebook akuthamangitsa timagalimoto takale. Amvekere, "Alamu, ikani turbo basi."

Turbo ndi kachipangizo kokhala ngati nkhono. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kampeni kozungulira mkatimo, kameneko nkuzunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Kamazungulira koposa 100,000 pa mphindi imodzi. Mpweya ukachuluka, mphamvu imachuluka. Mpaka apa alamu sananame.

Mu 2023 ndinagula turbo yakale ku Cuamba, yochotsedwa pa galimoto ina yakufa. Makaniko wina, dzina sinditchula, anawotcherera mapaipi, nkulumikiza kapaipi ka oyilo. Sabata yoyamba, abale inu! Galimoto inkaimba kamluzu, chitunda kumachikwera pa giya 3. Ndinkadziona ngati bwana.

Sabata yachitatu ndili ndi nyemba, pa chitunda, ndinamva phokoso ngati timiyala m'chitini. Ndinati mwina ndi ekizozi, nkupondabe. Kenaka muvi wa kutentha unakwera, utsi woyera kumbuyo, galimoto zii. Atatsegula anapeza pisitoni imodzi yosweka m'mphepete, gasiketi yapsa. Nyemba ndinagulitsa pamsewu pomwepo kwa vendala pa mtengo wake iyeyo. Ndalama zimene ndinasungira feteleza zinathera ku injini. Mayi a kunyumba sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Bambo, chimanga chaka chino tithira turbo?" Bola akanandikalipira.

Amene anandifotokozera bwino ndi bambo wina wachikulire wokonza magalimoto ku Mandimba. Anati injini ya petulo imafuna mpweya ndi petulo pa muyezo wake, monga mmene ufa umayendera ndi madzi pophika nsima. Ine ndinaonjezera mpweya wokha. Kompyuta ya galimoto yanga sinapangidwe kuti iziwerenga mpweya wochita kukankhidwa, ndiye petulo ankabwera wosakwanira. Zikatero moto wa mkati umatentha mopitirira, umaphulika nthawi isanakwane. Timiyala tija tinali timeneto, injini ikudzimenya yokha.

Anandiuzanso chinthu chimene chinandiwawa. A Toyota eni ake anapanga Starlet ya turbo, injini yake ndi 4E-FTE. Yanga ndi 4E-FE. Kusiyana chilembo chimodzi, eti? Kukula nkofanana, 1.3. Koma mkati muli zosiyana. Yanga imapanikiza mpweya 9.6, ya turbo imapanikiza 8.2 yokha, kusiyira malo mpweya wa turbo uja. Mapisitoni ake ndi ena, mainjekitala othira petulo ndi akuluakulu, kompyuta ndi yake, ndiponso ili ndi intercooler yoziziritsa mpweya usanalowe. Ine pa zonsezi ndinagula chimodzi chokha, nkumati ndatchipitsa.

Tsono kwa achinyamata amene mtima uli pomwepo, sindikuletsani, ndalama ndi zanu. Koma gulani injini yonse ya turbo pamodzi ndi mawaya ndi kompyuta yake, muone ikulira musanapereke ndalama. Muwerengerenso klachi ndi mabuleki, chifukwa chitunda chimene mwakwera mothamanga mudzatsikanso. Oyilo muzisintha msanga, turbo imamwa oyilo yemweyo wa injini ndipo fumbi lathuli silikhululuka. Mukafika pa ulendo wautali musazimitse pompo, isiyeni ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Nambala ya injini inalembedwa mu livrete, mukasintha injini mukakonzetsenso mapepala. Mukaphatikiza zonsezo muone ngati sizikuyandikira mtengo wa galimoto ina.

Yanga tinaibwezera mwakale. Pisitoni ndi gasiketi tinakagula ku Mangochi kudzera pa Chiponde. Pokonzapo bambo aja anatulutsa fyuluta ya mpweya, itatsekeka ndi fumbi ngati chikuto cha chiswe. Mapulagi anali omwe ndinagula nawo galimoto, sindinawasinthepo. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Mwana wanga, galimotoyi inkabanika, iwe nkuisenzetsa matumba 6." Zinthu ziwiri zimenezi mtengo wake sunafike ngakhale thumba limodzi la nyemba.

Pano ndimanyamula matumba 4, chitunda ndimakwera pa giya 2, ndimafika ku Lichinga msika usanathe. Turbo ija ilipo kunyumba, mayi amatsekera chitseko cha khola la nkhuku. Wofuna kuiona abwere, koma sindigulitsa kwa membala wa kalabu ino.